Mai wapakati ndi fodya: zimene zimacitika m'magazi mwake

Pa 31 May caka ciliconse, Mpingo wa Katolika umakumbukira ulendo wa Maria Virigo wokaceza kwa mbale wake Elizabeti. Onse awiri anali ndi pakati, ndipo Luka Woyera amatiuza kuti mwana wa Elizabeti anatakataka m'mimba pamene mai wake anamva moni wa Maria. Tsiku lomweli ndi limenenso bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linapatula kuti anthu aziganizira za kuopsa kwa fodya. Ambiri a ife sitinaziikepo pamodzi zinthu ziwirizi, koma phunziro lake ndi limodzi, lakuti cimene cafika kwa mai cimafikanso kwa mwana amene ali m'mimba. Ngati moni unam'fika mwana, nanga utsi ungalephere bwanji?

Kuno kwathu kum'mawa fodya si mlendo. Ku Chipata, Lundazi, Chadiza ndi Vubwi mabanja ambiri amalima burley, ndipo ndalama zake ndizo zagula malata, zalipira ana kusukulu, zagula feteleza wa cimanga, zina zafika ndi ku chalichi monga mtulo. Conco sitikulemba kuti tinyoze mlimi. Tikulemba cifukwa pali zinthu zimene a zaumoyo adziwa kwa zaka zambiri, koma sizinafike bwino m'midzi ndi m'miphakati mwathu m'cinenero cimene tonse timamva.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi ya akazi a ku Ulaya, popeza akazi athu sakoka ndudu. Ndi zoona kuti kafukufuku amene anacitika m'dziko lathu mu 2017 anapeza kuti pa amuna 100 alionse, oposa 20 amakoka fodya, pamene pa akazi 100 okoka ndi awiri cabe. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti pa fodya wosayatsa, uja wa m'mphuno ndi wa m'kamwa amene ambiri amati nsunko, akazi ndiwo aposa amuna. Tikaonjezapo utsi wa mwamuna m'nyumba ndi tsamba lonyowa la kumunda, tiona kuti fodya amam'fika mai wapakati wa kumudzi kudzera m'njira zingapo, ngakhale iye asanayatsepo ndudu cibadwire.

Akapaso a m'thupi

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi mau amene anamwino amakonda kuchula ku sikelo, akuti mahomoni. Mahomoni ndi timadzi timene ziwalo zina za thupi zimapanga ndi kuthira m'magazi pang'ono kwambiri, kuti tikauze ziwalo zina zocita. Tingawayerekeze ndi akapaso a mfumu. Kapaso salima, samanga nyumba, koma akacedwa kapena akapereka uthenga wopereweza, nchito ya mudzi wonse imasokonekera.

Mai akaima, thupi lake limasintha kwambiri m'miyezi isanu ndi inai, ndipo zonse zimayenda ndi mauthenga amenewa. Ciwalo cimene cimapanga ambiri a mahomoni a pakati ndi nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana ndipo azimai akuluakulu amaikwirira mwaulemu. Ambiri timaiona ngati cotsalira cabe, koma nsengwa ndiyo imapereka cakudya ndi mpweya kwa mwana kudzera m'cingwe ca pamcombo, imacotsa zoipa zake, ndiponso imalamulira thupi la mai kuti lizisamala mimba.

Homoni yoyamba imachedwa hCG. Ndiyo imene kacipangizo kopimira mimba kamapeza m'mkodzo. Imayamba kupangidwa masiku ocepa mimba itakhala, ndipo imafika pacimake ca m'ma sabata 10. Nchito yake ndi kuuza thumba la mazira kuti lipitirize kupanga homoni yaciwiri, ya progesterone, kufikira nsengwa itakula moti n'kuyamba kuipanga yokha. Progesterone ndiyo imasunga ciberekero kuti cikhale phee, cisayambe kukankha mwana nthawi isanakwane. Yacitatu ndi estrogen, imene imakulitsa ciberekero, imacurukitsa magazi opita kumeneko, ndi kukonzekeretsa mawere. Mtundu wina wa estrogen, wochedwa estriol, nsengwa siingaupange payokha. Imadalira zipangizo zocokera ku ciwindi ca mwana ndi ku tiziwalo take tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Ndiye kuti mwana wosabadwa uja, amene sitinam'patse ndi dzina lomwe, akugwira kale nchito pamodzi ndi mai wake yosunga moyo wake.

Fodya akalowa

Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Pano tichulapo anai okha amene amakhudza mimba.

Woyamba ndi nikotini, amene amacititsa kuti munthu azivutika kuleka fodya. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Kenaka amakakamiza tiziwalo ta pamwamba pa impso kutulutsa homoni ya adrenaline, ija imathamangitsa mtima munthu akaona njoka panjira. Adrenaline imafinya mitsempha ya magazi, kuphatikizapo imene imapita ku ciberekero. Mlimi wa kudimba adziwa zimene zimacitika wina akaponda paipi yothirira: madzi amafika ocepa ku mbeu. Mai wokoka ndudu khumi patsiku amaponda paipi ya mwana wake kakhumi patsiku. Nikotiniyo sathera mwa mai. Amadutsa nsengwa, amalowa m'magazi a mwana ndi m'madzi amene mwanayo akhalamo, ndipo mtima wa mwana nawonso umayamba kugunda mofulumira.

Nikotini amalepheretsanso nchito ya nsengwa yopanga estrogen. Madokotala amene amapima magazi a azimai apakati apeza mobwerezabwereza kuti okoka fodya amakhala ndi hCG yocepa poyerekeza ndi osakoka, ndipo estriol nayonso imatsikirako. Kusiyanaku ndi kodziwika kwambiri, mwakuti m'maiko amene amapima magazi a mai pofuna kudziwa za umoyo wa mwana, amayamba afunsa ngati maiyo amakoka fodya, kuti asawerenge molakwa zotsatira zake.

Pali cina cimene cinganyenge munthu. Azimai okoka fodya kawirikawiri samva mseru kwambiri m'miyezi yoyamba. Wina angasangalale kuti mimba yake ndi yopepuka, siyovutitsa ngati ya anzake. Koma mseru wa miyezi yoyamba umayendera limodzi ndi kucuruka kwa mahomoni a pakati, makamaka hCG. Kucepa kwa mseru mwa mai wokoka fodya si cinthu conyadira. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Waciwiri ndi mpweya woipa wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira. Mpweya umenewu umakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200, motero umalanda malo a mpweya wabwino. Mwana amalandira magazi ocepa cifukwa ca nikotini, ndipo ocepa omwewo amafika ali ndi mpweya wopereweza.

Wacitatu ndi cadmium, citsulo ca poizoni cimene comera ca fodya cimayamwa m'nthaka ndi kusunga m'masamba. Mwa mai wokoka fodya citsuloci cimaunjikana mu nsengwa, ndipo ofufuza aona kuti cimasokoneza kapangidwe ka progesterone.

Wacinai ndi thiocyanate, amene thupi limapanga likalandira utsi. Ameneyu amalimbana ndi ayodini, uja boma limafuna kuti azithiridwa mu mcere wogulitsa. Kaciwalo ka pakhosi, kamene kakatupa timati munthu ali ndi cithokomiro, kamafuna ayodini kuti kapange homoni yokulitsa ubongo wa mwana. Thiocyanate amachinga ayodini kulowa m'kaciwaloka, ndipo mwa mai woyamwitsa amacepetsa ayodini wopita mu mkaka.

Zooneka pa sikelo

Zonsezi zimacitika mobisika, koma zipatso zake zimaoneka. Kale mu 1957, dokotala wina wa ku California dzina lake Winea Simpson anafalitsa zimene anapeza, zakuti azimai okoka fodya amabereka ana ocepa thupi kawirikawiri kuposa osakoka. Kucokera nthawi imeneyo kafukufuku wa m'maiko ambiri watsimikizira zomwezo. Mwana wa mai wokoka fodya amabadwa wopepuka ndi magalamu pafupifupi 200 poyerekeza ndi anzake. Magalamu 200 angaoneke ocepa pa sikelo ya fodya, koma kwa khanda limene likanabadwa ndi makilogalamu 2.6, ndiwo amaligwetsera pansi pa 2.5, pamene a cipatala amayamba kuda nkhawa.

Tamvapo ena akunena kuti mwana wamng'ono ndi wabwino cifukwa savutitsa pobereka. Maganizo amenewa ndi oopsa. Mwana amene wacepa cifukwa cosowa cakudya ndi mpweya m'mimba amazizidwa msanga, amavutika kuyamwa, ndipo matenda amam'gwira mosavuta. Ndiponso fodya sapepukitsa ubereki. Amaonjezera ngozi yakuti mimba ipite padera, ikhale kunja kwa ciberekero m'njira ya dzira, kapena mwana abadwe masabata 37 asanakwane. Amaonjezeranso ngozi yakuti nsengwa imere pakhomo pa ciberekero, kapena ithothoke mwana asanabadwe. Ziwiri zomalizazi zimataitsa magazi ambiri, ndipo kwa mai amene akhala kutali ndi cipatala, woyembekezera ngolo kapena njinga m'nyengo ya mvula, zingathe kutenga miyoyo iwiri usiku umodzi. Ana ena amabadwa ndi mlomo wong'ambika, ena amabadwa atafa kale, ndipo ena amafa mwadzidzidzi ali m'tulo m'miyezi yoyamba. Si mai aliyense wokoka fodya amene adzaona zimenezi, ndipo si mai aliyense amene waona zimenezi amene anakhudzapo fodya. Tisaloze cala banja limene lili pa cisoni. Cimene tikunena ndi cakuti fodya amaonjezera ngozi pa ulendo umene ndi woopsa kale. Paja makolo athu pomucha mai woyembekezera kuti wapakati, anali kutanthauza kuti ali pakati pa moyo ndi imfa.

Mkaka wa m'mawere

Mwana akabadwa nkhani ya mahomoni siinathe. Mkaka umapangidwa ndi lamulo la homoni ya prolactin, yocokera ku kaciwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, ndipo umatsika ndi lamulo la ina yochedwa oxytocin. Azimai okoka fodya amakhala ndi prolactin yocepa, mkaka wao umacepa, ndipo ambiri amaleka kuyamwitsa msanga. Pamudzi pamene mkaka wa m'citini ndi wodula ndipo madzi abwino ndi osowa, kucepa kwa mkaka wa mai ndi tsoka lalikulu, popeza a zaumoyo amalangiza kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba. Nikotini amalowanso mu mkaka ndipo amasokoneza tulo ta mwana. Komabe mai amene walephera kuleka fodya asaleke kuyamwitsa. Bere lake likali labwino kwa mwana kuposa botolo. Ayambe wayamwitsa, ndipo fodya asam'yandikize kumene kuli mwana.

Nsunko nayo ndi fodya

Azimai ambiri amaganiza kuti nsunko ilibe vuto cifukwa ilibe utsi. Ena anaphunzira kwa agogo ao, ena amati imathetsa mutu, dzino kapena mseru wa pakati, ndipo ena amaigwiritsa nchito m'njira zina zimene alangizi adziwa, pofuna kukondweretsa amuna. Ndi zoona kuti mu nsunko mulibe carbon monoxide, koma nikotini alimo wambiri. Opanga akasakanizamo phulusa kapena soda, nikotiniyo amalowa m'magazi mofulumira koposa. Ku Sweden, kumene anthu ambiri amaika fodya wosayatsa kunsi kwa mlomo, ofufuza anatsatira azimai apakati ambirimbiri ndipo anapeza kuti ogwiritsa nchito fodyayo amabereka masiku asanakwane kapena kubereka mwana wakufa kawirikawiri kuposa osagwiritsa nchito. Mitsempha ya ciberekero siisankha kuti nikotini walowera pati. Inu alangizi ndi azimai akuluakulu a mu mpingo, mau anu amamveka kumene ife amuna sitingafike. Kabotolo ka nsunko kasakhale mphatso ya mwana wamkazi amene waima.

Kumunda ndi m'cigafa

Apa ndipo pali nkhani ya alimi. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madziwo ndi kulowa pakhungu la munthu wothyola. Burley timathyola m'nyengo ya mvula, nthawi zambiri m'mamawa, masamba titawakumbatira pacifuwa kapena kukhwapa, zovala zili cinyowere mpaka masana. Munthu amayamba kumva cizungulire, mutu, mseru, kusanza ndi kufooka. Madokotala amawadziwa matendawa ndipo m'Cingerezi amawacha green tobacco sickness. Ambiri timangoti ndi malungo kapena dzuwa. Kwa mai wapakati timati ndi mimba, ndipo m'mawa mwake amabwerera kumunda komweko.

Tikudziwa kuti nthawi yothyola manja amacepa, ndipo banja limene latenga ngongole ya feteleza ndi mbeu ku kampani silifuna kutaya ndi tsamba limodzi lomwe. Koma nchito za pakhomo ndi zambiri ndipo zingathe kugawidwa mwanzeru. Mai wapakati ndi woyamwitsa asathyole fodya wonyowa, asasoke masamba aawisi, ndipo asayandikire pamene mukupopera mankhwala ku nazale kapena kumunda. Amene akuthyola adikire mame aume, avale magolovesi ndi covala ca pulasitiki, ndipo akaweruka asinthe zovala ndi kusamba ndi sopo asananyamule mwana. Fodya wouma asasungidwe kapena kusankhidwa m'nyumba yogona. Tikudziwa kuti ambiri amatero poopa akuba, koma fumbi ndi fungo lake mai ndi ana amazipuma usiku wonse. Malangizo omwewa ndi a ana athunso, amene khungu lao ndi lofewa ndipo thupi ndi laling'ono.

Mau kwa ife amuna

Kucokera mu 2008, caka cimene Zambia inavomereza pangano la maiko onse lolimbana ndi fodya, lamulo la dziko lathu limaletsa kukoka fodya pamalo opezeka anthu ambiri. Koma lamulo silingalowe m'nyumba ya udzu ya kazenera kamodzi, mmene bambo amayatsa balani wake madzulo, mai ali pambali. Utsi wotuluka kunsonga ya ndudu sudutsa m'sefa iliyonse. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu oposa 1 miliyoni amafa caka ndi caka cifukwa ca utsi wa fodya wa anthu ena, ndipo azimai apakati opuma utsi umenewu nawonso amabereka ana opepukirako.

M'buku la Oweruza, mutu 13, mngelo anauza mai wa Samsoni zimene sayenera kumwa ndi kudya pamene ali ndi pakati. Mwamuna wake Manowa sanati izo ndi za akazi. Anapempha Mulungu kuti mthengayo abwerenso, kuti iyenso amve za kaleredwe ka mwanayo, ndipo mngelo anabwerezanso malangizo aja pamaso pake. Ubambo umayamba mwana asanabadwe. Bambo amene sangathe kuleka lero, akokere kutali ndi nyumba, osati pakhomo kapena pazenera. Koma coposa ndi kulekera limodzi ndi mkazi wake, pakuti ndi kovuta kuti mai aleke nsunko pamene mwamuna akufukiza pambali pake. Ndalama ya ndudu ya mwezi umodzi ingathe kugula citenje, beseni ndi sopo zofunika ku cipatala.

Kuleka kuli ndi phindu nthawi iliyonse

Kafukufuku wa ku New Zealand ndi Australia amene anafalitsidwa mu 2009 anapeza kuti azimai amene analeka fodya mimba isanakwane masabata 15, ngozi yao yobereka mwana wosakwana masiku kapena wocepa thupi inafanana ndi ya azimai osakoka. M'mera mpoyamba. Koma ndi amene wacedwa yemwe asataye mtima, cifukwa mwana amalemera kwambiri m'miyezi itatu yomaliza, ndipo carbon monoxide amacoka m'magazi pasanathe masiku awiri munthu ataleka. Kucepetsa cabe sikokwanira, popeza palibe mlingo wa fodya umene uli wabwino kwa mimba.

Tizinena zoona kuti kuleka ndi kovuta, ndipo kwa mai wapakati ndi kovutirapo. Mahomoni a pakati amacititsa ciwindi kuphwanya nikotini msanga kuposa masiku onse, motero cilakolako cimabwerera mofulumira. Mai wotere asanyozedwe kuti alibe mtima. Sabata yoyamba ndiyo yowawa, munthu amakwiya msanga, amasowa tulo, mutu umawawa, koma pakapita masabata awiri kapena anai zimenezi zimacepa. Cilakolako cikabwera cimakhala mphindi zocepa n'kupita. Kumwa madzi, kutafuna nzimbe kapena nshawa, kupita kwa mnzako kukaceza, kapena kugwira korona m'manja m'malo mwa kabotolo, zonsezi zimathandiza kudutsa mphindizo.

Pitani ku sikelo msanga, mimba isanapitirire masabata 12. Kuyambira mu 2016 a World Health Organization amalangiza kuti mai wapakati aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu. Namwino akafunsa za fodya, muuzeni zoona, muchulenso nsunko, utsi wa amuna anu ndi nchito ya kumunda. Mankhwala othandiza kuleka fodya musagule pa inu nokha popanda dokotala.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2290, pophunzitsa za lamulo lacisanu, amachula fodya pamodzi ndi mowa, cakudya ndi mankhwala monga zinthu zimene mkhristu ayenera kudziletsa nazo. Malemu Papa Francis analetsa kugulitsa ndudu mu Vatican kuyambira mu 2018, ngakhale kuti malondawo anali kubweretsa ndalama. Ife Akatolika timaphunzitsa molimba kuti moyo wa munthu umayamba pamene mai waima. Ciphunzitso cimeneci cimatimanga kuti tiuteteze moyowo ku zinthu za tsiku ndi tsiku zimene tazolowera, kuphatikizapo mbeu imene imatipatsa ndalama.

Conco tikupempha atsogoleri a miphakati kuti nkhaniyi muikambe pa msonkhano wanu, ndipo aphunzitsi anzathu muiike m'maphunziro a okonzekera ukwati ndi a makolo obatiza ana. Mphakati uliwonse udziwe azimai ake apakati. Nyengo yothyola ikafika, pamene banja lina lili ndi mai woyembekezera ndipo manja acepa, akhristu awiri kapena atatu apite m'mawa umodzi pa sabata kukathyola m'malo mwake, monga timacitira polimira odwala ndi okalamba.